Mpira Ukathera Panjira, Udindo wa Woyimbira Umalekezera Pati?

Lamlungu masana kwa Chimaliro anthu sasowa kolowera. Amene athyola tiyi sabata yonse m'minda ya makampani, alimi a tomato a kwa Goliati, ana asukulu ndi amayi ogulitsa zitumbuwa, onse amakumana pabwalo la mpira. Pakati pa khwimbi lonselo pamakhala munthu mmodzi wopanda timu, wenzulo ili kukamwa. Masewero akatha bwino palibe amamukumbukira. Koma timu ina ikapanda kubwera, ikanyanyala, kapena ochemerera akalowerera m'bwalo, onse amamuunjirira: "A refu, tiuzeni, wawina ndani?" Funsoli limapita kwa munthu amene alibe mphamvu yoliyankha, ndipo kusadziwa zimenezi kwaputa ndewu zambiri m'mabwalo akumudzi. Mafunso ndi mayankho awa akufotokoza ntchito ya woyimbira, malire a mphamvu zake, ndi amene ayenera kusenza mlandu masewero akalephereka.

Funso: Kodi masewero kuthera panjira ndi timu kulandidwa chipambano si chinthu chimodzi?

Yankho: Ayi, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pamenepa. Pali zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi kuimitsa masewero kwakanthawi, monga mvula yamabingu ikayamba, n'cholinga choti apitirire zinthu zikakhala bwino. Chachiwiri ndi kuwathetsa nthawi isanakwane, komwe timati kuthera panjira. Chachitatu ndi kugamula kuti timu yakuti ndiyo yalakwa, choncho mapointi apite kwa inzake. Ziwiri zoyambazo zili m'manja mwa woyimbira. Chachitatucho n'cha eni mpikisano.

Malamulo a mpira wamiyendo alipo 17, ndipo amawasunga ndi kuwakonza ndi bungwe la IFAB lomwe linakhazikitsidwa mu 1886. Lamulo 5 limapatsa woyimbira mphamvu yoimitsa kapena kuthetsa masewero ndi udindo wopereka lipoti kwa akuluakulu. Lamulo 7 limati masewero othera panjira amabwerezedwa, pokhapokha malamulo a mpikisanowo kapena okonza ake atanena zina. Palibe pamene malamulowa amalola woyimbira kuima pakati pa bwalo n'kulengeza kuti timu yakuti yapatsidwa chipambano.

Funso: N'chifukwa chiyani samupatsa mphamvu imeneyo, poti iye ndiye amaona zonse?

Yankho: Chifukwa iye ndi mboni, ndipo mboni siweruza mlandu umene ikuchitira umboni. Nthawi zambiri mkangano umakhala wokhudza chigamulo chake chomwe: penate imene wapereka, chigoli chimene wakana, kapena khadi yofiira. Atati aweruzenso yekha pomwepo, mitima ili m'mwamba, timu yodandaula singaone chilungamo, ndipo iye mwini angadziike pangozi. Komiti imakhala pansi mitima itazizira, imamva mbali zonse, n'kuyang'ana zimene malamulo a mpikisano akunena.

Si masewero onse amayenda chonchi. Mu baseball, masewero otchuka ku America, Japan ndi Cuba, woyimbira wamkulu ali ndi mphamvu yolanda timu masewero pomwepo ikakana kusewera, ikalephera kukwanitsa osewera 9, kapena eni bwalo akalephera kutulutsa anthu olowerera. Zotsatira zimalembedwa 9-0. Zinachitika ku Cleveland pa 4 Juni 1974 pomwe ochemerera oledzera anadzaza bwalo, komanso ku Los Angeles mu Ogasiti 1995 pomwe anthu ankaponya mipira m'bwalo. Komabe ngakhale kumeneko woyimbira amayenera kulembera akuluakulu a ligi zifukwa zake. Mu mpira wathu mphamvu imeneyi siili kwa woyimbira koma kwa okonza mpikisano.

Funso: Nanga ndi zifukwa ziti zimene zimamuloleza kuthetsa masewero?

Yankho: Zina zinalembedwa mosapsatira. Lamulo 3 limati masewero sangayambe kapena kupitirira ngati timu ina ili ndi osewera osakwana 7. Kaya ena apatsidwa makhadi ofiira, kaya avulala ndipo palibe olowa m'malo, akatsala 6 masewero atha. Lamulo 1 limati mtanda wapamwamba wa golo ukathyoka, masewero aime mpaka ukonzedwe, ndipo ukakanika kukonzeka athere pomwepo. Chingwe sichiloledwa kulowa m'malo mwa mtandawo. Izi n'zofunika kwathu kuno kumene magolo ambiri ndi a mitengo ya bulugamu yomwe chiswe chimadya pansi. Woyimbira wanzeru amagwedeza magolo onse awiri asanayambitse mpira.

Zina zimadalira maso ake. Mdima ukagwa, chifunga cha chiperoni chikaphimba bwalo m'miyezi yozizira moti goloboyi sakuoneka, kapena mvula ikasandutsa bwalo dambo, ali ndi ufulu wonena kuti basi. Choopsa kwambiri m'dzinja ndi mphenzi. Mu Okutobala 1998 ku Johannesburg mphenzi inagwa m'bwalo matimu a Jomo Cosmos ndi Moroka Swallows akusewera, osewera angapo n'kugwa pansi atavulala. Akatswiri amalangiza kuti mabingu akamveka pafupi anthu achoke pabwalo, ndipo asabwerere mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza. Pothawira pakhale m'kalasi kapena m'nyumba, osati pansi pa mitengo italiitali ya m'mbali mwa bwalo. Chifukwa chomaliza, chomwe n'chofala kuposa zonse, ndi chipolowe: miyala ikayamba kuuluka kapena anthu akalowa m'bwalo n'kukana kutuluka.

Funso: Timu ina ikapanda kubwera, woyimbira achite chiyani?

Yankho: Afike msanga, aone bwalo, aone timu imene yabwera ndi mayina a osewera ake, ndipo nthawi yoyambira ikakwana ayambe kuwerenga mphindi. Malamulo a IFAB sanena kutalika kwa nthawi yodikira. Zimenezo zimakhala m'malamulo a mpikisano uliwonse, ndipo ambiri amaika mphindi 15. Nthawiyo ikatha, aitane kaputeni ndi mmodzi wa okonza mpikisano, awaonetse wotchi, awauze kuti masewero alephereka, n'kulemba.

Asalonjeze timu yobwerayo mapointi, ngakhale zikuoneka zachidziwikire. Mwina anzawo anyozera dala. Mwinanso lole imene anahayala yatitimira m'matope pamsewu wadothi, mlatho wakokoloka monga zinachitikira m'madera ambiri a Thyolo, Mulanje ndi Phalombe nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, kapena kumudzi kwawo kwagwa maliro. Nyengo yothyola tiyi ikafika pachimake, osewera ena amaweruka mochedwa kuntchito. Woyimbira sangadziwe zonsezi ataima pabwalo. Komiti ndiyo idzafufuze. Ikapeza kuti timuyo inalakwa, chilango chimatsata zolembedwa. Malamulo a chilango a FIFA amaika 3-0, pomwe m'mipikisano ina kuno kwathu timamva za mapointi atatu ndi zigoli ziwiri.

Funso: Bwanji timu ikanyanyala pokwiya ndi chigamulo cha woyimbira?

Yankho: Woyimbira asathamangire kuthetsa masewero, komanso asayambe kunyengerera kapena kusinthanitsa zigamulo ngati ali pamsika. Aitane kaputeni yekha, amuuze modekha kuti masewero akuyenera kupitirira, amupatse nthawi yodziwika, ndipo amuchenjeze kuti akapanda kubwerera alemba kuti timu yake ndiyo yakana kusewera. Nthawi ikatha, aimbe wenzulo yomaliza n'kuchoka.

Matimu adziwe kuti kunyanyala sikupindula, ngakhale dandaulo lawo litakhala lomveka. Mu Seputembala 2023, masewero a chikho cha Airtel Top 8 pakati pa Silver Strikers ndi Mighty Wanderers pa Bingu National Stadium ku Lilongwe anathera panjira chifukwa cha mkangano wa chigoli chakumapeto. Wanderers sinapitirize kusewera, ndipo bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM linapereka chipambano kwa Silver n'kulipiritsa Wanderers chindapusa. Onani kuti chigamulocho sichinatuluke m'kamwa mwa woyimbira tsiku limenelo. Chinachokera ku FAM patapita masiku. Njira yabwino ndi kumaliza masewero, kenaka n'kupereka dandaulo lolemba m'nthawi imene malamulo a mpikisano amalola.

Funso: Ngati woyimbira ndiye walakwitsa poyera, zotsatira sizingasinthidwe?

Yankho: Kawirikawiri sizisintha. Lamulo 5 limati chigamulo cha woyimbira pa zochitika m'bwalo, kuphatikizapo ngati chigoli chalowa kapena ayi, n'chomaliza. Iye mwini angathe kusintha maganizo akazindikira kulakwitsa kapena womuthandizira akamuunikira, koma pokhapokha mpira usanayambirenso. Ukangoyambiranso, madzi akatayika saoleka.

Chitsanzo chodziwika n'cha pa 12 Januwale 2022 mumpikisano wa matimu a mayiko a mu Africa ku Cameroon. Woyimbira wa ku Zambia, Janny Sikazwe, anathetsa masewero a Tunisia ndi Mali pamphindi 85, n'kuwayambitsanso, kenaka n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Pambuyo pake zinamveka kuti kutentha kwa dzuwa kunamusokoneza m'thupi. Matimu ataitanidwa kuti adzamalize, Tunisia inakana kubwerera. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linakana dandaulo la Tunisia ndipo chipambano cha Mali cha 1-0 chinakhalabe.

Izi sizikutanthauza kuti woyimbira ali pamwamba pa malamulo. Akuluakulu ake angamuimitse, kumutsitsa kapena kumuchotsa. Ziphuphu ndiye n'zoopsa koposa. Mu 2017 oyimbira anayi a m'dziko muno analetsedwa kuyimbira kwa moyo wawo wonse atapezeka kuti analandira ndalama pamasewero a chikho cha Carlsberg a Nchalo United ndi Chitipa United. Ndalamayo inali yochepa, pafupifupi madola 20 a ku America. Kulakwitsa kwa maso kumakhululukidwa, koma kugulitsa masewero ayi.

Funso: Ochemerera akayambitsa chipolowe, mlandu ngwa yani?

Yankho: Pamalamulo a mpira, timu imayankha pa zochita za ochemerera ake. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Eni bwalo ndi okonza mpikisano nawo ali ndi udindo woteteza osewera, alendo ndi oyimbira. Si ntchito ya woyimbira kuthamangitsa anthu ndi chikwapu kapena kuleretsa ndewu ya gulu. Ntchito yake ndi kuimitsa masewero, kusonkhanitsa osewera pamalo otetezeka, kupatsa okonza mpata wobwezeretsa bata, ndipo zikakanika, kuthetsa masewero.

Woyimbira amene amaumirira kupitiriza poopa kutchedwa wamantha amaseweretsa miyoyo ya anthu. Mu Disembala 2013 ku Balaka, masewero a Wanderers ndi Silver Strikers anathera panjira chifukwa cha zipolowe, ndipo wochemerera mmodzi anataya moyo. Ngati zoterezi zinatheka pabwalo la mpanda, pali apolisi, nanji pabwalo la sukulu pomwe chotchinga anthu ndi mzere wa phulusa? Pambali pa chilango cha mpira, amene waponya mwala, wamenya munthu kapena waswa galasi la galimoto amayankha yekha kupolisi ndi kukhoti.

Funso: Wosewera akavulala, kapena timu ikaluza ndalama chifukwa masewero athetsedwa, woyimbira angazengedwe mlandu?

Yankho: Lamulo 5 limamuteteza kwambiri. Limanena kuti woyimbira ndi omuthandizira sayenera kusenzetsedwa mlandu wa kuvulala kwa wosewera kapena woonerera, kuwonongeka kwa katundu, kapena kuluza kwina kulikonse kobwera chifukwa cha chigamulo chimene apanga motsata malamulo. Limatchula zitsanzo monga kuona ngati bwalo ndi nyengo zikulola kusewera, kuthetsa masewero pachifukwa chilichonse, kuimitsa kapena kusaimitsa mpira anthu akalowerera, ndi kulola wovulala kutulutsidwa. Popanda chitetezo chimenechi palibe akanalola kugwira wenzulo.

Koma malamulo a mpira saposa malamulo a dziko. Ku Britain makhoti anagamulapo milandu iwiri ya oyimbira masewero a rugby. Pamlandu wa Smoldon mu 1996, mnyamata analumala pamasewero a achinyamata, ndipo khoti linapeza kuti woyimbira sanatsate malamulo oteteza osewera. Pamlandu wa Vowles mu 2003, khoti la apilo linati ngakhale woyimbira wongodzipereka, pamasewero osalipidwa, ali ndi udindo wosamala miyoyo ya osewera. Makhotiwo anatsindika kuti kulakwitsa wamba kwa munthu amene akugamula mothamanga si mlandu. Mlandu umabwera pamene wanyalanyaza ngozi yoonekeratu imene lamulo linamuuza kuti aipewe. Malamulo a Malawi pa nkhani za kusasamala anachokera ku malamulo a ku England, ndipo makhoti athu amaunikira zigamulo zakumeneko, choncho phunziroli likutikhudza.

Tinene mwachindunji. Woyimbira amene wathetsa masewero chifukwa cha mphenzi sangalipiritsidwe ndalama ya lole imene alendo anahayala. Koma amene waona golo logwedera, dzenje pakati pa bwalo, kapena wosewera wavala mphete ndi nsapato za misomali yakuthwa, n'kungoti tiyeni tiyambe, wadzichepetsera yekha chitetezo. Chimodzimodzi amene walola mwana wogunda mutu, amene akuyenda mozandima, kubwerera m'bwalo m'malo mothamangira naye kuchipatala.

Funso: Nanga ndalama zobetcherana ndi mphotho zimapita kuti masewero akathera panjira?

Yankho: Apa ndi pamene maubale ambiri amathera. Matimu akumudzi amakonda kuika ndalama kapena mbuzi kuti wopambana atenge, ndipo nthawi zina amasungitsa kwa woyimbira. Woyimbira akane. Akasunga ndalama amasanduka msungichuma ndi woweruza nthawi imodzi, ndipo masewero akasokonekera aliyense amafuna thumba lake. Ndalama zisungidwe ndi munthu wina wodalirika amene mbali zonse zavomereza, ndipo agwirizane mpira usanayambe kuti zidzatani masewero akapanda kutha. Malipiro a woyimbira nawo aperekedwe asanalowe m'bwalo, kuchokera kwa okonza kapena matimu onse awiri mofanana, kuti pasakhale womunena kuti wadyera mbali imodzi. Masewero akathera panjira popanda vuto lake, malipiro akewo asabwezedwe, pakuti ntchito waigwira.

Funso: Timu ikabwera ndi osewera aganyu, woyimbira angakane kuyambitsa masewero?

Yankho: Kuona ngati wosewera ndi wololedwa n'kwa eni mpikisano. Kaputeni akadandaula kuti uyu si wa m'mudzi muno, amutenga ku Luchenza, kapena kuti ndi wamkulu kuposa zaka zololedwa, woyimbira alembe dandaulolo, dzina ndi nambala ya wosewerayo, auze timu inayo kuti pali dandaulo, ndipo masewero achitike pokhapokha malamulo a mpikisanowo atanena zina. Komiti ikadzapeza kuti wosewerayo sanali woyenera, idzalanda mapointi. Timu yokana kusewera chifukwa chongokayikira imadzisandutsa yolakwa pomwe inali yolakwiridwa.

Funso: Lipoti la woyimbira likhale ndi zotani?

Yankho: Lipoti ndilo chishango chake. Likhale ndi tsiku, bwalo, mayina a matimu, nthawi imene masewero anayenera kuyamba ndi imene anayambadi, mphindi imene anaima, zigoli panthawiyo, makhadi amene anaperekedwa, ndi chiwerengero cha osewera amene anatsala mbali iliyonse. Kenaka afotokoze mwandondomeko zimene anaona ndi kumva yekha, zimene anachita pofuna kuti masewero apitirire, amene analankhula nawo, ndi nthawi imene anadikira.

Asalembe mphekesera, asatukwane, ndipo asanene timu yoyenera kupatsidwa mapointi. M'malo molemba kuti ochemerera a timu yakuti ndi anthu achipongwe, alembe kuti pamphindi 70 anthu ovala makaka a timuyo analowa m'bwalo kuchokera kumbali ya kumsewu ndipo anakana kutuluka kwa mphindi 20. Alembe tsiku lomwelo asanaiwale, ngakhale papepala la m'kope, asayine, alijambule pafoni n'kusunga, kenaka alipereke. Mlandu suola, ndipo komiti ikadzakhala pakatha milungu iwiri, pepala limenelo lidzakumbukira zimene anthu adzakhale ataiwala kapena kusintha.

Funso: Woyimbira akamenyedwa achite chiyani?

Yankho: Athetse masewero, achoke pamalopo, apite kupolisi ndi kuchipatala, ndipo alembe zonse mu lipoti. Kumenya woyimbira ndi mlandu monga kumenya munthu wina aliyense, ndipo bwalo la mpira silisintha zimenezi. Mafumu ndi akomiti asaumirize kuti nkhani ithere pakupepesana chabe munthu atavulazidwa, chifukwa kutero n'kuuza ena kuti atha kubwereza. Iyenso asabwezere. Lamulo 5 limateteza zigamulo zake za mpira basi. Akatola ndodo kapena mwala n'kuvulaza munthu, adzayankha ngati munthu wamba.

Funso: Mipikisano yambiri kwathu kuno ndi mabonanza ndi zikho za anthu akufuna kwabwino. Zonsezi zikutikhudza bwanji?

Yankho: Zikukhudza inu kuposa wina aliyense. Mipikisano ya pansi pa FAM, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likulu lake lili ku Chiwembe ku Limbe, ndi ya Southern Region Football Association imakhala ndi malamulo olembedwa, makomiti a chilango ndi kokachita apilo. Chikho cha kampani, cha mpingo, cha sukulu kapena cha wandale nthawi zambiri chimayamba ndi mayunifolomu ndi mipira, malamulo palibe. Zikavuta, katundu yense amagwera woyimbira, yemwe mwina ndi mphunzitsi kapena kapitawo wongodzipereka chifukwa chokonda mpira.

Mankhwala ake si okwera mtengo. Mpikisano usanayambe, okonza ndi atsogoleri a matimu akhale pansi alembe tsamba limodzi loyankha mafunso awa: tidzadikira mphindi zingati, timu yosabwera kapena yonyanyala idzalandira chilango chanji, masewero oima chifukwa cha mvula adzabwerezedwa onse kapena adzapitirira pomwe anaimira, dandaulo lidzapita kwa yani ndipo pasanathe masiku angati, ndani adzaone za chitetezo, ndipo wovulala adzapita kuchipatala pa chiyani. Komiti yoweruza ikhale ya anthu opanda timu mumpikisanomo. Aliyense asayine, ndipo amfumu ndi apolisi a m'dera adziwitsidwe masiku a masewero akuluakulu. Oyimbira nawo afunefune maphunziro kudzera m'makomiti a mpira a m'boma. Njira imeneyi imafikitsa kutali: Bernadettar Kwimbira, mayi wa ku Malawi konkuno, anakhala wothandizira woyimbira pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi mu 2019.

Inu okonza mipikisano kwa Chimaliro ndi m'midzi yonse yozungulira minda ya tiyi, lembani malamulo wenzulo yoyamba isanalire. Inu osewera ndi ochemerera, dandaulo lanu lipite kukomiti, osati pathupi la woyimbira. Ndipo inu a refu, mukaona kuti moyo wa munthu uli pangozi, thetsani masewero mopanda mantha, lembani zimene mwaona, zotsalazo musiyire eni mpikisano. Masewero amabwerezedwa, koma moyo subwerezedwa.